Kabati ya Mankhwala ndi Makiyi Ake M'dziko la Undi

Mwa ntchito zonse zimene makolo athu a m'dziko la Kalonga Gawa Undi ankaziyesa zolemera, panalibe ina yoposa ya kugwira mankhwala, pakuti iye wodziwa muzu wochiritsa m'mimba ndiye ankadziwanso khungwa lakupha, kotero kuti mudzi umene unkamlemekeza usana unkamuopanso usiku. Chifukwa chake funso lakuti ndani ayenera kuloledwa kupereka mankhwala amphamvu, ndi lakuti mankhwalawo asungidwe patali motani ndi wodwala, silinabwere ndi maboma a masiku ano, koma lakhala pakati pathu mibadwomibadwo. Ndipo popeza tsopano labukanso m'maiko ambiri chifukwa cha mankhwala otchedwa naloxone, amene amatsitsimutsa munthu wokomoka ndi heroin, morphine kapena codeine, n'koyenera kuti ife a ku Katete, ku Sinda ndi ku Vubwi tiyambe tayang'ana njira imene tadzera, tisanagamule za kumene tikupita.

Kale, msewu waukulu wa ku Lusaka usanalambulidwe, mankhwala ankakhala m'mudzi momwemo. Mwana akadya bowa woipa, kapena mlimi akalumidwa ndi mphiri pomweta tsekera, panalibe kuyembekeza kalata ya munthu aliyense: wina ankathamangira kwa sing'anga chipondamthengo chili m'manja, wina ankamanga luzi pamwamba pa bala, ndipo agogo a m'banjamo, amene anali ataona zotere kambirimbiri, ankakhala atayamba kale kusinja mizu yosanzitsa. Sitiyenera kukometsera nthawi imeneyo koposa choonadi, pakuti ambiri ankafa ndithu, ena ndi ululu wa njoka, ena ndi mankhwala omwewo, amene analibe muyeso wodziwika. Komatu chinthu chimodzi makolo anachigwira bwino, ndicho chakuti pa tsoka lofulumira thandizo liyenera kukhala pa mtunda woti mwana angathe kuuthamanga. Ndiwo anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Ndipo sing'anga, ngakhale analibe chiphaso cha pepala, sanali wopanda lamulo, popeza mfumu ndi nduna zake ankamdziwa, odwala ake anali anansi ake, ndipo akalakwa kawiri kapena katatu, dzina loopsa la ufiti linali pafupi kumgwera.

Koma m'chikhalidwe chomwecho munalinso mwavi, ndipo za uwu tiyenera kunena mosabisa, chifukwa maganizo amene ankaubala sanathe. Munthu akaganiziridwa kuti walodza mnzake, mapondera ankasinja khungwa la mtengo wa mwavi nalisungunula m'madzi, ndipo woimbidwa mlanduyo ankamwa pamaso pa khamu. Akasanza, abale ake ankalulutira kuti wayera. Koma akalephera kusanza nagwa pansi, panalibe wolimba mtima kumthandiza, pakuti imfa yakeyo inkayesedwa chigamulo, ndipo kumpulumutsa kukanakhala kupotoza mlandu. Boma la atsamunda linaletsa mwambo umenewu, ndipo Northern Rhodesia inakhazikitsa lamulo la za ufiti mu 1914. Komabe mantha anatsala m'mitima, kotero kuti m'zaka za m'ma 1930 anyamata a mchape ochokera ku Nyasaland anayenda m'midzi ndi mabotolo awo namwetsa anthu mwaunyinji, ndipo Max Marwick, amene anakhala pakati pa Achewa a dera lino mu 1946 ndi 1947 nabweranso mu 1952, anapeza kuti imfa zambiri zinkatanthauziridwabe ngati ntchito ya mfiti, monga analembera m'buku lake la 1965.

Mankhwala a m'botolo anafika ndi amishoni, Angoni a Mpezeni atangogonjetsedwa mu 1898. A mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku Orange Free State anamanga Magwero mu 1899, Madzimoyo mu 1903, Nyanje, amene lero ali m'boma la Sinda, mu 1905, ndi Nsadzu mu 1908, kumene pambuyo pake kunkasamalidwa akhate. A Anglican anakhazikika ku Msoro, a Seventh-day Adventist ku Mwami, ndi ansembe a Chikatolika ku Kachebere, ku Minga ndi kwina. Pa mishoni iliyonse panali kachipinda kosungiramo kwinini, mchere wotsegula m'mimba, mankhwala otsukira zilonda ndi nsalu zomangira, ndipo makiyi ake ankakhala ndi mbusa kapena dona. Mu 1948 Francis Trefusis, amene anali wansembe ndi dokotala pamodzi, anayambitsa chipatala cha St Francis ku Katete, pafupi ndi msewu waukulu. Mu 1958 kunafika Dr James Cairns ndi mkazi wake Faith, amene anatumikira mpaka 1996, ndipo m'nthawi yawo chipatalacho chinakula nichikhala pothawirapo pa anthu ochokera kwa Kawaza, kwa Mbang'ombe, kwa Kathumba, ngakhale kutsidya kwa malire a Mozambique. Palibe munthu woona mtima amene angachepse zimene zipatala zimenezi zachita, pakuti ambiri a ife tili ndi moyo chifukwa amayi athu anafikako nthawi yabwino.

Pali gulu lina la anthu limene mbiri yolembedwa imalidumpha kawirikawiri, ndilo la ana a dziko lino amene ankagwira ntchito pansi pa madokotala achizungu, amene ankatchedwa ma dresser ndi ma orderly. Iwowa ndiwo ankatanthauzira mawu a wodwala, ndiwo ankatsuka zilonda, kusakaniza mankhwala a madzi m'mabotolo aakulu, ndi kubaya jekeseni m'madisipensale a kumidzi kumene dokotala ankafikako mwa apo ndi apo. Ndipo anthu, amene amaweruza ndi zimene aona, ankangowatcha adokotala. Kuyambira m'zaka za m'ma 1930 boma linayamba kuphunzitsa othandiza madokotala achikuda, ndipo ntchito imeneyi inadzakhazikika ku Chainama mu Lusaka, kumene kwatuluka ma clinical officer amene asenza zipatala zazing'ono za Zambia kwa zaka zambiri. Motero kuyambira pachiyambi penipeni dziko lino linachiritsidwa ndi manja a anthu amene lamulo linkawakhulupirira pang'onopang'ono, ndipo nthawi zonse mochedwa, ntchito atayamba kale kuigwira.

Lamulo la kabati yotseka linachokera kutali. Mu 1912 maiko anapangana ku The Hague kuti achepetse malonda a opium, morphine ndi heroin. Heroin ameneyu kampani ya Bayer inali itayamba kumugulitsa poyera mu 1898 ngati mankhwala a chifuwa, dziko lisanazindikire ukapolo umene amabweretsa. Mu 1961 mapangano onse anaphatikizidwa kukhala limodzi pansi pa United Nations. Kuno kwathu lamulo la Pharmacy and Poisons linakhazikitsidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1940, ndipo Zambia italandira ufulu inaika lamulo la Dangerous Drugs mu 1967. Kuyambira apo, aliyense amene anagonapo m'chipatala anaona mwambo wake: kabati yachitsulo yokhomeredwa kukhoma, makiyi olendewera pa chovala cha sisitala wamkulu, ndi buku lalikulu limene botolo lililonse la pethidine kapena morphine limalembedwamo, dzina la wodwala, muyeso, ola, ndi siginecha za anthu awiri. Lamulo limeneli linali lanzeru, ndipo likadali lofunika, pakuti mankhwala otha kupha ndi kugwira munthu ukapolo sayenera kumwazika m'misika. Koma pamodzi nalo panakula chizolowezi choyesa mankhwala onse amphamvu ndi muyeso umodzi, ngati kuti chilichonse chobayidwa ndi singano chiyenera kudikira cholembera cha dokotala, osasiyanitsa pakati pa amene amapha akachuluka ndi amene ntchito yake yokha n'kubweza wakufa panjira.

Anthu a kumidzi sanakhale manja lende kudikira lamulo. Amuna obwerera ku Salisbury, ku Wankie ndi ku Joni ankabwera ndi mapilitsi m'masutikesi. Masitolo a amwenye ndi timagolosale ta m'mphepete mwa msewu tinkagulitsa Aspro, Cafenol ndi chloroquine. Ndipo penisilini atafala nkhondo yachiwiri itatha, panabuka anthu oyenda pa njinga ndi singano imodzi, obaya aliyense wolipira, amene anachiritsa ena napundula ena. Nthawi zonse pamene khomo loyenera latalikira, anthu amatsegula lina losayenera, ndipo wolipira mtengo wake amakhala wosauka.

Zambia inaphunzira pa zimenezi, ndipo mbiri ya zaka zoposa makumi anayi zapitazi ndi mbiri ya kutulutsa mankhwala ena m'kabati, amodzi amodzi, mosamala. Msonkhano wa ku Alma-Ata wa 1978 utalimbikitsa chithandizo choyambira m'mudzi, kunayamba kuphunzitsidwa anthu odzipereka a zaumoyo. Coartem atalowa m'malo mwa chloroquine kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, sipanapite nthawi yaitali odzipereka omwewo asanapatsidwe zoyezera malungo ndi mankhwala ake. Ndipo Edzi itadzaza mawodi, anamwino analoledwa kulembera odwala ma ARV, chifukwa madokotala okha sakanatha. Koma chitsanzo choposa zonse chinachitikira kwathu kuno. Kuyambira mu 2012 mpaka 2013, bungwe la ColaLife, loyambitsidwa ndi Simon ndi Jane Berry, linayesa m'maboma a Katete ndi Kalomo kugulitsa kaphukusi kotchedwa Kit Yamoyo, kokhala ndi mchere wobwezera madzi m'thupi, mapilitsi a zinc ndi sopo, kudzera mwa eni timagolosale ta kumidzi amene anaphunzitsidwa mwachidule. Kusanayambe kuyesako, ana otsegula m'mimba olandira mankhwala awiriwa pamodzi sankafika ndi mmodzi yemwe pa 100 alionse. Patatha chaka chimodzi anafika 45 pa 100, ndipo mtunda umene mayi ankayenda kukawapeza unatsika kuchoka pa makilomita oposa 7 kufika pa ochepera 3. Mu 2019 bungwe la WHO linaika kaphukusi ka mtundu umenewu pa mndandanda wa mankhwala ofunikira a dziko lonse lapansi. Mankhwalawo sanali atsopano, pakuti zipatala zinali nawo kale. Chatsopano chinali chakuti anasendera pafupi ndi khomo la mwana wodwalayo. Mu 2013 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la Medicines and Allied Substances, limene linabala bungwe la ZAMRA nililola timasitolo ta mankhwala totchedwa health shop m'madera opanda famasi.

Tsopano tabwera pa tsoka la masiku athu. Sindikunena kuti mliri wa ku America, kumene anthu oposa 100,000 anafa m'chaka chimodzi cha 2021 ndi mankhwala osokoneza bongo, wafika kwa Pembamoyo. M'midzi yathu kachasu ndi mankhwala opopera thonje ndiwo akali adani odziwika. Koma wanzeru amaona mtambo usanagwe. Heroin wochokera ku Afghanistan wakhala akutsitsidwa m'magombe a kumpoto kwa Mozambique kwa zaka zambiri, ndipo wina amatsalira m'njira. Ku Chibolya mu Lusaka anyamata amamudziwa ndi dzina lakuti volo. Mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine amagulidwa mobisa namwedwa botolo lathunthu, ndipo tramadol amamezedwa ndi achinyamata ofuna kuiwala kutopa. Bungwe la Drug Enforcement Commission, limene linakhazikitsidwa mu 1989, lakhala likulanda zinthu zimenezi chaka ndi chaka. Katete ali pamphambano pamene msewu wochokera ku Beira ndi ku Tete kudzera pa Chanida umakumana ndi msewu waukulu wa ku Lusaka ndi ku Chipata, Sinda ali pa msewu womwewo, ndipo Vubwi ali pakati pa malire awiri. Amene angaganize kuti katundu woyenda m'misewu imeneyi sadzatsikapo pano akudzinamiza. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: botolo lotsekemera lija limene mnyamata amaliyesa chopepuka ndi mbale wake wa heroin.

Imfa ya mankhwala amenewa ili ndi njira yake, ndipo aliyense ayenera kuidziwa. Amagoneka mbali ya ubongo imene imalamula kupuma, kotero kuti munthu amagona tulo tosadzutsika, mpweya wake umachedwa nukhala wamkonono, milomo ndi zikhadabo zimasanduka zotuwa, ndipo kadontho kakuda ka m'diso kamachepa kwambiri. Ubongo ukasowa mpweya kwa mphindi zowerengeka umayamba kuonongeka. Apa nzeru yakale yomwetsa mkaka kapena madzi a mchere imasanduka msampha, pakuti wokomoka sangameze, ndipo zomwe wamwetsedwazo zimalowa m'mapapo. Ngolo ya ng'ombe yochokera kumalire, kapena njinga yamoto yofunafuna mafuta usiku, singapikisane ndi mphindi zimenezi, ngakhale chipatala chitakhala ndi madokotala abwino chotani.

Naloxone anapangidwa ndi Jack Fishman ndi Mozes Lewenstein ku New York, amene anapempha umwini wake mu 1961, ndipo America inamuvomereza mu 1971. Ntchito yake m'thupi ili ngati ya mwini nyumba amene apeza mlendo atakhala pa mpando wake, namchotsapo nakhalapo yekha: amakankha heroin kapena morphine pa malo amene anagwira mu ubongo, ndipo m'mphindi ziwiri kapena zitatu munthu amayambanso kupuma. Saledzeretsa, sagwira munthu ukapolo, ndipo akapatsidwa kwa munthu amene sanamwe mankhwala a mtundu wa opium sachita kanthu. Sathandizanso pa kachasu, pa chamba, kapena pa mankhwala a thonje, amene ali ndi chithandizo chawo china kuchipatala. Mphamvu yake imatha pakati pa mphindi 30 ndi 90, kotero kuti wotsitsimukayo ayenera kufikitsidwabe kuchipatala, kuopa kuti angakomokenso. Kwa zaka zambiri anangokhala m'zipinda za opaleshoni ndi za ngozi, monga alili kwathu kuno, kumene amadziwika ngati jekeseni wa m'chipatala.

Italy ndiyo inatsogola, pololeza mu 1996 kuti azigulidwa mufamasi popanda kalata ya dokotala. Mu 2014 dera la New Mexico linakhala loyamba ku America kulola akatswiri a mufamasi kumulemba okha, ndipo chaka chomwecho WHO inalangiza kuti aliyense amene angathe kukhala pafupi ndi munthu wokomoka chotere akhale naye ndi kuphunzitsidwa kagwiritsidwe kake. Britain inamasula malamulo ake mu 2015, Australia ndi Canada mu 2016, ndipo mu March 2023 America inalola kuti wopopera m'mphuno, wotchedwa Narcan, azigulitsidwa poyera pa shelefu. Malamulo ambiri otere amafanana pa mfundo zazikulu: wa mufamasi amaphunzira mwachidule, amaloledwa kupereka kwa mwini vuto kapena kwa mayi wake, mkazi wake, ngakhale bwenzi lake, ndipo asanapereke amafotokoza zizindikiro, kaperekedwe, ndi kufunika kothamangira kuchipatala. WHO imawerengera kuti anthu pafupifupi 125,000 anafa mu 2019 ndi kupyola muyeso wa mankhwala a mtundu umenewu, ndipo ambiri mwa otere safera kwaokha, koma pali wina pafupi amene akanatha kuwathandiza akanakhala ndi chothandizira.

Ndikudziwa chimene akulu ena olemekezeka adzanena, pakuti chanenedwa m'maiko onse amene nkhaniyi yafika: adzati kupereka chotsitsimutsa n'kulimbikitsa uchidakwa, ndi kuti wodziitanira tsoka alisenze yekha. Mbali yoyambayo imagwa yokha tikadziwa mmene naloxone amamvekera kwa wozolowera heroin, pakuti amadzuka ndi thukuta, kunjenjemera, kusanza ndi kuphwanya kwa thupi lonse, ndipo palibe amene angafune zimenezi mwadala. Mbali yachiwiriyo ndiyo yondiwawa mtima, chifukwa ndi maganizo omwe aja a pabwalo la mwavi, akuti wagwayo asiyidwe popeza imfa yake ndi chigamulo. Makolo athu anachita chomwecho pokhulupirira kuti khungwa limadziwa wolakwa. Ife amene tinausiya mwambowo pozindikira kuti khungwa silidziwa kanthu, tingabwerere bwanji kukaima mozungulira mwana wa mnzathu alikufa, ndi kumati mlandu wake wamupeza? Chiweruzo chili ndi Mwini wake, ndipo wamoyo yekha ndiye angathe kulapa, kulangizidwa ndi ankhoswe, kapena kupita ku Chainama kukathandizidwa. Tisaiwalenso kuti si oledzera okha amene amagwa chotere: pali agogo odwala khansa amene apatsidwa morphine wakumwa kunyumba nasokoneza muyeso, ndi kamwana kamene kapeza botolo lotsekemera pawindo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Komabe tikangokopera lamulo la New Mexico monga liliri, tidzakhala tathandiza Lusaka ndi Kitwe tokha. Sukulu ya ukachenjede ya Zambia inayamba kuphunzitsa akatswiri a mufamasi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo ambiri a iwo, pamodzi ndi mafamasi olembetsedwa, ali m'mizinda ya m'mbali mwa njanji. Sinda ndi Vubwi, amene anakhala maboma paokha mu 2012, amadalira kwambiri ma pharmacy technologist ophunzira ku Evelyn Hone ndi m'makoleji ena, anamwino, ma clinical officer, ndi ogulitsa m'timasitolo ta mankhwala. Uganda inaona vuto lofanana ndi limeneli, ndipo mu 2004 inalola anamwino ndi ma clinical officer ophunzitsidwa mwapadera kulemba morphine yemweyo, amene ndi woopsa koposa. Ngati dziko la mu Africa linatha kukhulupirira anamwino ake ndi mankhwala otha kupha, palibe chifukwa choti ife tiope kukhulupirira athu ndi mankhwala amene sangaphe. Morphine, pethidine ndi codeine akhalebe m'kabati yotseka, ndipo ogulitsa mobisa alangidwe ndithu. Koma naloxone atulukemo.

Chifukwa chake ndikupempha aphungu a Mkaika, Milanzi, Sinda, Kapoche ndi Vubwi kuti aitengere nkhaniyi ku Unduna wa Zaumoyo ndi ku ZAMRA, kuti wa mufamasi aliyense aloledwe kupereka naloxone popanda kalata ya dokotala, kuti chilolezo chomwecho chifikire ma technologist ndi timasitolo ta mankhwala tolembetsedwa, ndi kuti chipatala chaching'ono chilichonse, ambulansi iliyonse ndi polisi iliyonse ya pa msewu waukulu ikhale naye pamodzi ndi munthu wodziwa kumgwiritsa ntchito. Ndikupemphanso mafumu athu, amene amasonkhana ku Mkaika pa Kulamba mwezi wa August chaka chilichonse, ndi abusa a mipingo imene inatimangira zipatala zoyamba, kuti aphunzitse anthu awo zizindikiro za kukomoka kumeneku, aletse kumwetsa wokomoka chilichonse, ndi kulamula kuti wopezeka chotere anyamulidwe msanga kupita kuchipatala, za mlandu wake zikambidwe atadzuka.